Mbiri ya Kaundula ndi Mindandanda ya Maloya

Mayina a maloya akhala akulembedwa m'malo awiri osiyana. Malo oyamba ndi kaundula wa khoti, momwe dzina limalowa munthu akayesedwa, kulumbira ndi kuloledwa kuimira anthu pa milandu. Malo achiwiri ndi mabuku ndi masamba a anthu amalonda, omwe ntchito yawo ndi kulozera munthu wosowa thandizo komwe loya akupezeka ndi milandu imene amaidziwa bwino. Kaundula amayankha funso loti kodi munthuyu ndi wololedwa. Buku la amalonda limayesa kuyankha funso lovutirapo, loti kodi ndi wodalirika. Pa ziwirizi, wachisamba ndi kaundula, ndipo nkhani yake tiyiyambira ku England.

M'zaka za m'ma 1200 makhoti a mfumu ku Westminster ankalola kuti mwini mlandu atume munthu wina kukaonekera m'malo mwake. Wotumidwayo ankatchedwa attorney, kutanthauza woikidwa m'malo mwa mnzake. Ulendo wa ku London unali wautali ndipo mlandu umodzi unkatha kudya zaka, choncho ntchitoyi inakoka anthu ambiri, odziwa ndi osadziwa omwe. Mu 1292 Mfumu Edward I inalamula John de Metingham, mkulu wa majaji a khoti la Common Pleas, kuti iye ndi anzake asankhe anthu oyenera kuchokera m'zigawo zonse, ena onse aletsedwe. Mfumuyo inkaona ngati anthu 140 akwanira, ngakhale inasiyira majajiwo ufulu woonjezera kapena kuchepetsa.

Chiwerengerocho sichinachedwe kupyola. Mu 1402, pa ulamuliro wa Henry IV, Nyumba ya Malamulo inadandaula kuti anthu akuzunzika chifukwa cha kuchuluka kwa oimira anzawo osadziwa malamulo, ndipo inakhazikitsa lamulo loti aliyense aziyamba wayesedwa ndi majaji. Wopezeka wodziwa ntchito ndiponso wa mbiri yabwino azilumbiritsidwa, dzina lake n'kulembedwa, pomwe wolephera azichotsedwa. Makhoti nthawi imeneyo ankalemba pa zikopa za nkhosa zopalidwa bwino, zomwe ankazilumikiza n'kuzikulunga ngati mkeka. N'chifukwa chake Chingerezi chimatcha kaundulayu roll, chinthu chokulunga, ndipo mpaka lero chilango chachikulu koposa kwa loya ndi kufufutidwa pa roll.

Lamulo la 1729 linamangitsa zinthu. Wofuna kulembedwa ankayenera kukhala kalaliki wa loya wina kwa zaka zisanu pa mgwirizano wolembedwa, kenako jaji ankamufunsa mafunso, kumulumbiritsa ndi kumulowetsa m'kaundula. Chovuta chinali chakuti kaundulayo ankakhala m'maofesi a makhoti, khoti lililonse ndi wakewake, ndipo wamalonda wa ku Bristol kapena mlimi wa ku Yorkshire analibe njira yomuonera. Osindikiza mabuku anaona mpata pamenepo. Mu 1775 kunatuluka buku lotchedwa Browne's General Law List, lomwe linkatchula maloya a mu London ndi a m'matauni ena. Mabuku oyambirirawa anali osasefa: mpaka 1789 munkapezeka ngakhale mayina a anthu amene sanalandiridwepo ndi khoti lililonse. Umene unawawongola ndi msonkho. Mu 1785 boma la William Pitt, litatopa ndi ngongole za nkhondo ya ku America, linalamula kuti loya aliyense azidula chiphaso chaka ndi chaka, ndipo kuyambira 1790 bukuli linkangolemba okhawo amene adula chiphaso cha chaka chimenecho. Apa m'pamene buku la wamalonda linayamba kutsamira pa zolemba za boma. Law List linapitiriza kutuluka mpaka 1976.

Bungwe la maloya la Law Society linakhazikitsidwa mu 1825, ndipo lamulo la 1843 linalipatsa udindo wosunga mndandanda wa ogwira ntchitoyi. Makhoti atakonzedwanso m'zaka za m'ma 1870, dzina loti attorney linasiyidwa ku England, onse n'kumatchedwa solicitor, koma ku America dzina lakalelo linakhazikika mpaka lero. Kaundula ankateteza anthu kwa onyenga, komanso ankatsekera kunja anthu oyenera ndithu. Mu 1913 khoti la apilo linagamula pa mlandu wa Gwyneth Bebb kuti mayi sangalembedwe ngati solicitor, ngakhale Bebb anali atakhoza bwino kwambiri maphunziro a zamalamulo ku Oxford. Lamulo la 1919 ndi limene linachotsa chopingacho, ndipo Carrie Morrison anakhala mayi woyamba kulowa m'kaundulayo mu 1922.

Mwambowu unayenda ndi ulamuliro wa Britain kulikonse kumene unafika. Dziko limene lero ndi Malawi linaulandira kudzera mu British Central Africa Order in Council ya 1902, yomwe inakhazikitsa High Court ndi kubweretsa malamulo a ku England. Kwa zaka zoposa makumi asanu ogwira ntchito ya uloya m'dzikoli anali anthu obwera, mpaka Mmalawi Orton Chirwa atalandiridwa ngati loya ku Lincoln's Inn, bungwe la maloya la ku London, mu 1958. Lamulo la Legal Education and Legal Practitioners Act la 1965 linakhazikitsa Malawi Law Society, ndipo dongosolo lake linali lomwe lija: kulandiridwa ndi khoti, kulembedwa m'kaundula, ndi kudula chiphaso chaka chilichonse.

Buku lofuna kuyeza kudalirika kwa loya linakulira ku United States, ndipo chimene chinalibala ndi ngongole. Nkhondo yapachiweniweni itatha mu 1865, njanji zinafalikira, ndipo mu 1869 zinalumikiza gombe lakum'mawa ndi lakumadzulo. Mwini sitolo yoodetsa nsalu ku New York ankatumiza katundu pa ngongole kwa wogulitsa wa m'katauni kakutali ku Iowa kapena ku Kansas, munthu amene sanamuonepo ndi maso. Miyezi ikadutsa ndalama osabwera, makalata osayankhidwa, mwini katundu ankafunika loya wa m'katauni komweko woti akagogode pa chitseko cha wangongoleyo, ndipo zikakanika akasume. Koma loyayo nayenso anali mlendo. Ankatha kutolera ndalamazo n'kuzidya, kapena kupezeka kuti ndi mlamu wake wa wangongole yemweyo. Komanso chigawo chilichonse chinali ndi kaundula wake ndi malamulo ake, ndipo m'zigawo zina kulowa uloya kunali kosavuta kwenikweni. Kungodziwa kuti munthu ndi wololedwa sikunali kokwanira.

Amalonda anali atayamba kale kufufuza mbiri za anthu patali. Kampani ya Mercantile Agency, yomwe Lewis Tappan anaiyambitsa ku New York mu 1841, inkadalira maloya a m'matauni kuti aziitumizira malipoti a mmene amalonda akumeneko akubwezera ngongole, ndipo Abraham Lincoln anali mmodzi wa otumiza malipotiwo asanakhale pulezidenti. Chimene chinatsala ndi kufufuza maloya eni akewo. Mu 1868 James B. Martindale, yemwe naye anali loya, anayamba kusindikiza buku lomwe cholinga chake chinali kupatsa amalonda, mabanki ndi maloya anzake adiresi ya ofesi imodzi yodalirika ya maloya, banki imodzi yodalirika ndi ofesi imodzi yodalirika yogulitsa malo mu mzinda uliwonse wa dzikolo. Mu 1870 kunatulukanso Hubbell's Legal Directory, lomwe mphamvu yake inali pa kufotokoza mwachidule malamulo a ngongole a chigawo chilichonse. Kampani ya Martindale inagula buku la Hubbell mu 1930, ndipo chaka chotsatira munatuluka Martindale-Hubbell Law Directory loyamba, gawo lina la mayina a maloya, lina la malamulo.

Chimene chinatchukitsa bukuli ndi zilembo zoikidwa pambali pa dzina, zomwe zinalipo kale pofika 1896. Osindikiza ankalembera maloya ndi majaji a dera lililonse kuwafunsa mwachinsinsi za anzawo. Luso la munthu linkapatsidwa a, b kapena c, ndipo chilembo v chinkasonyeza kuti khalidwe lake pa ntchito ndi lapamwamba kwambiri. Loya wa zilembo av ankadziwika kuti ndi wa pamwamba pa onse, ndipo loya wa ku Boston wofuna kutumiza mlandu ku Denver ankayamba wayang'ana pamenepo. Pa mfundoyi pali kusiyana kwakukulu ndi zimene zinadzabwera pambuyo: mwini dzina sankadzipatsa yekha zilembozo, ndipo sankadziwa amene amunenera zabwino kapena zoipa. Ankatha kulipira kuti mbiri ya ofesi yake isindikizidwe motambasula, koma kuyeza kunali m'manja mwa anzake. Njirayi inali ndi chilema chake. Anthu amayamikira amene amadya nawo, choncho loya wobwera kumene, wachikuda kapena wamkazi ankavutika kuti aonedwe ndi amene ankafunsidwawo.

Mphamvu ya mabuku otere inakula chifukwa njira zina zonse zodzidziwikitsira zinatsekedwa. Mu 1908 bungwe la maloya a ku America la American Bar Association linatulutsa malamulo a khalidwe la maloya, ndipo lamulo la nambala 27 linaletsa kutsatsa ntchito m'nyuzipepa, m'makalata ogawira anthu kapena kudzera mwa madobadoba. Maganizo ake anali oti uloya si malonda wamba, ndipo mbiri yabwino iyenera kudzifalitsa yokha. Chifukwa chomveka chinalipo, pakuti kunali maloya otuma anthu kukadikirira ovulala pa zipata za zipatala ndi za mafakitale. Komabe khomo limodzi linasiyidwa lotsegula: loya ankaloledwa kulembetsa mbiri yake yachidule m'mindandanda yovomerezeka, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 bungweli linkaunika lokha mindandanda yoyenera. Mabuku amenewa ankapezeka m'maofesi a maloya, m'mabanki ndi m'makampani a inshulansi. Wogwira ntchito m'fakitale kapena mayi wofuna kuthetsa banja sankawaona n'komwe. Katswiri wa mbiri yakale Jerold Auerbach analemba m'buku lake la 1976, Unequal Justice, kuti chiletsocho chinapweteka kwambiri maloya a m'mizinda ochokera m'mabanja obwera, amene analibe abale m'makampani akuluakulu. N'zovuta kumutsutsa. Lamulo loti mbiri idziyendere yokha limakomera amene ali kale ndi anthu oti aiyendetse, ndipo wosauka wosadziwa loya aliyense amangotsala mumdima, osadziwa ngakhale mtengo wa thandizo limene akulifuna.

Chiletsocho chinagwetsedwa ndi maloya awiri achinyamata a ku Phoenix, m'chigawo cha Arizona. John Bates ndi Van O'Steen anagwirapo ntchito ku bungwe lothandiza osauka pa milandu, ndipo mu 1974 anatsegula ofesi yothandiza anthu opeza pang'ono, omwe sanali osauka mokwanira kuti athandizidwe ulere komanso sakanakwanitsa mitengo ya maofesi ena. Phindu pa mlandu umodzi linali lochepa, choncho ofesiyo ikanakhalapo pokhapokha anthu akamabwera ambiri. Pa 22 February 1976 anaika chilengezo m'nyuzipepa ya Arizona Republic chotchula mitengo poyera: kuthetsa banja popanda kulimbana madola 175, kusintha dzina madola 95, osawerengera ndalama zolipira kukhoti. Komiti ya bungwe la maloya inafuna kuti aimitsidwe ntchito kwa miyezi isanu ndi umodzi, akuluakulu a bungwelo anachepetsa kufika sabata imodzi, ndipo khoti lalikulu la Arizona linangowadzudzula. Iwo sanagonje. Pa 27 June 1977 khoti lalikulu la United States linagamula, majaji asanu kutsutsana ndi anayi, kuti chilengezo choona cha mitengo ya ntchito wamba za uloya n'chotetezedwa ndi ufulu wolankhula. Jaji Harry Blackmun ndiye analemba chigamulocho. Pasanapite zaka zambiri, masamba achikasu a mabuku a manambala a foni anadzaza ndi nkhope za maloya.

Ku England ma solicitor analoledwa kutsatsa ntchito zawo mu 1984. Patangopita zaka zochepa kunabadwa mabuku awiri amene lero amatsatidwa m'mayiko ambiri, The Legal 500 la John Pritchard ndi Chambers la Michael Chambers. Awa amaika maofesi ndi maloya m'magulu, loyamba, lachiwiri, n'kumatsika. Ofesi imatumiza yokha mndandanda wa ntchito zimene yagwira m'chaka ndi mayina a makasitomala oti afunsidwe, ofufuza n'kuwaimbira foni. Cholembera chinali chitayamba kusunthira m'dzanja la loya, ngakhale mawu omaliza anali akadali a wosindikiza.

Intaneti inamaliza kusunthako. Buku la Martindale-Hubbell, lomwe linagulidwa ndi kampani ya Reed mu 1990, linali litakula mpaka kudzaza shelefu yonse, ndipo adiresi ikasintha linkadikira chaka kuti likonzedwe. Linaikidwa pa CD-ROM, kenako pa intaneti, ndipo eni ake anatsegulanso Lawyers.com ya anthu wamba. FindLaw inayamba pakati pa zaka za m'ma 1990 n'kugulidwa ndi kampani ya West mu 2001, ndipo mmodzi wa oiyambitsa, Tim Stanley, anatsegula Justia mu 2003. Koma imene inautsa fumbi ndi Avvo, yomwe inatsegulidwa ku Seattle mu June 2007 ndi Mark Britton, yemwe kale anali loya wamkulu wa kampani ya zaulendo ya Expedia. Dzinali linachokera ku mawu a Chitaliyana otanthauza loya. Avvo sinadikire kuti maloya abwere kudzalembetsa. Inatenga mayina m'makaundula a zigawo, pamodzi ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito ndi zilango zimene analandirapo, n'kupangira aliyense tsamba ndi kumupatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 10. Loya ankangodzuka m'mawa n'kupeza dzina lake lili pamenepo, nambala ili pambali, ndipo tsambalo sakanatha kulifufuta. M'mwezi womwewo loya wodziwika wa ku Seattle, John Henry Browne, anasuma ponena kuti malikisiwo ndi osocheretsa. Mu December 2007 Jaji Robert Lasnik anathetsa mlanduwo, nati malikisi ndi maganizo chabe ndipo ndi otetezedwa ndi ufulu wolankhula.

Kuchokera pamenepo, kulembetsa kwa loya pa mndandanda wa pa intaneti kwakhala ndi njira ziwiri. Ngati dzina lake palibe, amadzitsegulira tsamba. Ngati lilipo kale, amalitenga kukhala lake potsimikizira eni mndandandawo kuti ndi iyeyo, kawirikawiri kudzera pa imelo kapena foni ya ku ofesi ndi nambala yake ya m'kaundula wa chigawo. Akatero amadzaza yekha zotsalazo: chithunzi, sukulu imene anaphunzira, chaka chimene analandiridwa, zigawo zimene ali ndi chiphaso, mitundu ya milandu, zilankhulo zimene amalankhula, ndiponso ngati kukumana koyamba n'kwaulere. Tsamba wamba nthawi zambiri salipiritsa. Ndalama zimalowa pamene loya akufuna kuti dzina lake lizionekera pamwamba munthu akafufuza, mwachitsanzo, loya wa ngozi zapamsewu mumzinda wakutiwakuti, kapena kuti pa tsamba lake pasamaoneke zilengezo za opikisana naye. Maloya ambiri anadandaula kuti malikisi a Avvo ankakwera munthu akangolitenga tsamba n'kulidzaza, zomwe zinkakakamiza ngakhale osafuna kuti alowe nawo. Mu 2018 Avvo inagulidwa ndi kampani ya Internet Brands, yomwe inali ikuyendetsa kale Martindale-Hubbell, motero buku la 1868 ndi tsamba la 2007 zinakhala pansi pa denga limodzi.

Ufulu wodzilembera uli ndi malire ake. Malamulo achitsanzo a American Bar Association, omwe zigawo zambiri zimatsatira, amaletsa loya kunena zabodza kapena zosocheretsa za ntchito yake, ndiponso kudzitcha katswiri wotsimikizidwa pa gawo lina popanda bungwe lovomerezeka lomutsimikizira. Amamulola kulipira mtengo woyenera wa chilengezo, koma osati kulipira munthu kuti amuyamikire kwa kasitomala, kapena kugawana malipiro a mlandu ndi munthu amene si loya. Pa mfundo imeneyi ndi pamene panagwera ntchito ya Avvo yolumikiza anthu ndi maloya pa mtengo woikika: mabungwe a maloya a zigawo zingapo, kuphatikizapo New York ndi New Jersey, anaona kuti ikuphwanya malamulowa, ndipo inatsekedwa mu 2018. Palinso nkhani ya ndemanga za makasitomala, omwe tsopano amayeza loya poyera monga ankachitira anzake mwachinsinsi kale. Mu 2021 American Bar Association inalangiza kuti loya wonyozedwa pa intaneti asaulule zinsinsi za mlandu podziteteza, ngakhale ndemangayo ikhale yopanda chilungamo. Lamuloli ndi lolemera kwa munthu amene akunamiziridwa, koma ndi loyenera, pakuti munthu sangauze loya zakukhosi ngati akuopa kuti tsiku lina zidzayalidwa pa bwalo.

Pamene dzina lingalembedwe ndi mwini wake, lingalembedwenso ndi wakuba. Mu October 2023 bungwe la Law Society of Kenya linalengeza kuti munthu wina analowa mwachinyengo mu akaunti ya loya wa dzina lofanana ndi lake pa makina a bungwelo, n'kusintha zina ndi zina ndi kuikapo chithunzi chake. Nkhani zotere zachititsa kuti osunga makaundula awatulutse m'maofesi n'kuwaika poti aliyense awaone. Mabungwe a maloya a zigawo zambiri za ku America ali ndi masamba pomwe munthu amalemba dzina n'kuona ngati mwini wake ali ndi chiphaso komanso ngati analangidwapo.

Ku England ndi Wales udindowu uli m'manja mwa Solicitors Regulation Authority, yomwe inayamba ntchito mu 2007. Kuyambira December 2018 bungweli limakakamiza maofesi kulemba poyera mitengo ya ntchito zina, monga kugula ndi kugulitsa nyumba, kuyendetsa chuma cha masiye, nkhani zolowa m'dziko ndi milandu yochotsedwa ntchito mopanda chilungamo, chinthu chimene Bates ndi O'Steen anaimbidwa nacho mlandu zaka 42 m'mbuyomo. Kuyambira November 2019 ofesi iliyonse yolembedwa ndi bungweli imene ili ndi tsamba pa intaneti iyenera kuikapo chizindikiro chapadera. Munthu akachidina, chimamutengera ku tsamba la bungwelo, lomwe limamutsimikizira kuti ofesiyo ilidi m'kaundula ndi kumuuza kumene angakadandaule ngati sanathandizidwe bwino.